Masitepe a Akalipentala

Msewu wonse unkanong'onezana kuti akalipentala a m'nyumba yosanja ija sadzaona chaka china. Ati nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno impso zili zofooka kale, opaleshoni imangochedwetsa maliro. Nkhaniyi anaiyambitsa ndi mayi wogulitsa sopo pakona, munthu woti kuchipatalako sanapondeko n'komwe.

Eni akewo anaimva ali chigonere. Atatuluka m'chipatala ndi chitsulo m'fupa, mwana wawo ndi mpongozi anawayalira pansi, m'kachipinda kosungira matsache, ati masitepe sangawathe. Chipinda chawo cham'mwamba, cha windo loyang'ana kumsewu, mpongoziyo anadzazamo makatoni a nsalu zake zogulitsa. Zimenezo zinawapweteka kuposa chiunocho.

"N'zakanthawi chabe, bambo," anatero mpongozi.

"Wakanthawiyo ndani, ineyo kapena makatoniwo?"

Masiku okatsukidwa magazi pamakina ankabwerako ali lefu, madzi akumwa ochita kuwayezera m'kakapu ngati mankhwala. Koma masiku enawo ankadzikoka ndi ndodo mpaka pamasitepe, misomali ili kukamwa. Masitepewo anali ndi chogwirira mbali imodzi yokha, pamene iwo ankafuna kugwira uku ndi uku. Ndiye anayamba kukhomera matabwa aafupiaafupi kukhoma, kulekezera pomwe mwendo wafika tsiku limenelo. Mwendo ukawonjezera sitepe, iwonso thabwa lina. Pokwera ankatsogoza mwendo wabwino, monga anawaphunzitsira anamwino, uku akuunyoza winawo kuti ndi waulesi ngati mwana wawo.

Chaka chinatha, china n'kutsatira. Wasopo uja akafunsa kuti, "Kodi akadalipo?" hamala inkamuyankha yokha kuchokera m'nyumba.

Tsiku lomwe anafika pamwamba, anakankha chitseko ndi ndodo, thukuta lili kamukamu. Kuseri kwa makatoni anapeza suti yawo yakuda ili pahang'ala, yosita bwinobwino, yokutidwa ndi pulasitiki, masokosi atsopano ali m'thumba. Fumbi la papulasitikipo linali lakalekale. Sanachite kufunsa kuti inkadikira ulendo wanji. Anakhala pakatoni mpaka mtima utatsika, kenaka anaitana mpongozi.

Iye anabwera akupukuta manja, ataona sutiyo anazyolika.

"Anthu ankati... tinkangokonzekera, bambo."

"Mwasita bwino, mayi, mzere wake uli gwa. Mawa ndili ndi makina, ndivala. Koma makatoniwa akagone ndi matsache, ine ndagona nawo mokwanira."

Madzulo omwewo mwana wawo anakweza bedi m'mwamba. M'mawa mwake akalipentala anatsika masitepe atatchena, dzanja lili pamatabwa awo, n'kukaima dala pakona.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Paja munkandifunsa."

Wasopoyo anayamba kusanjasanja sopo wake.

Mpaka lero kumakina amapitabe, sutiyo yayamba kuyera m'zigongono, ndipo wasopo akuuza aliyense kuti iye ankadziwa kale kuti madalawa ndi olimba. Nanga inu, mutapeza suti yanu ikukudikirani chonchi, mungaipachikenso kapena mungaivale?