Latcheti ya ku Joni

Kalisto anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi bokosi la masipanala. Chifuwacho sankachitchula, koma masipanalawo anthu a ku Mphunzi anatopa nawo. Mfumu ya onsewo inali latcheti, sipanala ija ya mano m'mutu, yomasula bawuti popanda kuichotsa pabawutipo. Pa chogwirira chake panadindidwa mutu wa njati. Ukapita kukakonzetsa njinga, unkayamba wamva kaye ulaliki wa njatiyo.

Komabe tisamuseke kwambiri. Kalisto anali mkamwini. Munda unali wa mkazi wake Filomena, malo a nyumba anali a apongozi, ana nawonso anali a kwa amayi awo. Chake chenicheni pamudzipo chinali bokosi lija basi.

Tsono mlamu wake Benedicto, woyendetsa chigayo cha pamudzi, naye anali ndi latcheti yopanda chizindikiro, yogula m'sitolo ya a Amadu ku Dedza boma.

"Alamu, chanucho n'chitsulo cha zitini," ankatero Kalisto.

"Koma bawuti imamasuka," Benedicto ankayankha, akuseka.

Tsiku lina bawuti ya injini ya chigayo inakakamira, Kalisto ali kudimba. Benedicto anati tione mphamvu za njati. Analowa m'nyumba ya mlongo wake osapempha, paja ndiye mwini mbumba, natenga latchetiyo. Anailowetsa m'paipi kuti chogwirira chitalike, n'kutsamirapo thupi lonse. Mano a m'kati anathothoka.

Madzulo anabweretsa yake ija. "Pepani alamu, tengani iyi. N'chimodzimodzi."

Mawu akuti chimodzimodziwo ndiwo anam'psetsa mtima Kalisto kuposa kuthyokako. Anakuwa pabwalo, apongozi ake ali pomwepo akupeta nyemba: "Yanga yeniyeni ikapanda kubwera, ine ndibwerera kwathu ku Lobi!"

Akale anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo uwu unali utakula ndithu. Ankhoswe a banjalo anakhala pansi n'kugamula motere: Kalisto apite ndi malatcheti onse awiri kwa a Amadu, odziwa zitsulo. Akanena kuti n'zosiyana, Benedicto aitanitse ina ku Joni. Akanena kuti n'zofanana, Kalisto agwade pamaso pa apongozi ndi mlamu wake, nkhuku ili m'manja. Akakana kugwada, njira ya ku Lobi akuidziwa.

Kalisto anapalasa njinga m'nkhungu ya mwezi wa Juni, akutsokomola pa chitunda chilichonse. Polowa m'tauni anyamata a Yufi anamuimitsa kufuna khadi ya chipani, ndipo anaionetsa, mtima uli kusitolo.

A Amadu, mkulu wa ndevu za imvi, anamvetsera nkhani yonse osamudula. Kenako anamasula tizomangira ta pamutu pa malatcheti onse awiri, nayala za m'kati pa kauntala.

"Bambo, yang'anani apa. Kanyenyezi aka mukukaona? Nanga umu?"

Kalisto anayang'ana. Kanalimo monsemo, pamalo amodzimodzi.

"Fakitale ndi imodzi," anatero a Amadu. "Imapanga zitsulo zambirimbiri. Ogulitsa ena amadindapo njati, ena mkango, ena sadinda kanthu. Inu munagula njati."

"Ayi, bwana. Yanga ndi yolemera."

A Amadu anawaika mosinthanasinthana pa sikelo ya misomali. Muvi unaima pomwe pomwepo.

"Nanga kunyezimiraku?"

"Umenewo ndi utoto."

"Ndinaigula m'sitolo ya magalasi, ku Joni kwenikweni! Mzungu anaitulutsa m'kabati ya loko!"

"Sindikukana. Loko ndi wa sitolo, si wa chitsulo."

Kalisto asanayankhe, a Amadu anatola kagudumu ka mano ka m'latcheti ya Benedicto n'kukalowetsa m'mutu mwa njati. Kanakhala bwinobwino ngati kanabadwira momwemo. Anamanga, napotoza, ndipo latchetiyo inalira kete-kete.

Kalisto anamva manyazi osakanizika ndi ukali, koma wom'kalipira panalibe. Akanatukwana ndani? Fakitale yomwe sadziwa n'komwe kumene ili? Zaka zonse zija za pansi pa nthaka, ndiye chinthu chokhacho choonetsa kuti anapita n'kukhala chopezeka kuseri kwa phiri, pakati pa misomali ndi sopo!

"Akadzafunsa akwathu," anatero motsitsa mawu, "mudzati n'zosiyana pang'ono."

"Wallahi, pali Mulungu, bambo, sindinganame chifukwa cha chitsulo. Pitani mukapepese. Nkhuku si ng'ombe."

N'chapafupi kunena zimenezo uli m'sitolo yako, pa malo ako. Njira yonse yobwerera Kalisto ankadziona atagwada m'fumbi, Benedicto akumwetulira, amayi odzagayitsa akunong'onezana za njati. Anayesa kuyeseza mawu opepesa ali panjinga, koma ankawasiyira panjira.

Anafika dzuwa litapendeka. Ankhoswe anali pakhonde la apongozi, kudikira. Filomena anam'chingamira kuseri kwa nkhokwe, kumene ena sakanamva.

"Ati bwanji a Amadu, bambo a Dorika?"

"Ndapeza atseka."

Filomena anapisa dzanja m'thumba la jekete la mwamuna wake, natulutsa latcheti ya njati, naipotoza. Inalira bwinobwino.

"Atseka, koma yachira," anatero.

Kalisto anayang'ana kumbali.

"Nkhuku ndamanga kale miyendo, ili kukhitchini. Mwatsala ndinu. Tiyeni, ndigwada nanu limodzi."

Anali mawu achifundo, ndipo Kalisto anadziwa kuti mkazi wotere sadzam'pezanso. Anatsegula pakamwa. Zimene zinatuluka n'zakuti, "Si zofanana."

Filomena anam'yang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi bulangete la mwamuna wake atalipinda bwino, n'kuyamba kulimangirira pa kaliyala ya njinga.