Thadzi Lotsala la a Zakeyo

Zipani zitachuluka m'dziko, makomiti nawo anamera ngati bowa. Ku Nyimba kunabadwa ina yotchedwa Komiti Yoteteza Okalamba, Olumala ndi Ena Otero. Dzinalo linkatha munthu mpweya, choncho anthu ankangoti a Ena Otero. Woyendetsa zonse anali amai Perpetua Daka a ku ofesi yoona za anthu osowa, mayi wa mtima wapachala koma wosachedwa kugwetsa misozi.

Anzawo mu komitimo anali a Wilbroad Mwanza, wapolisi woona za nkhanza za m'mabanja, ndi a Ennie Zulu, namwino wa pa kachipatala kena chakumalire ndi Petauke. Panalinso a Hilary Sakala, katekisiti amene pemphero lake lotsegulira msonkhano linkaziziritsa tiyi. Pa maphunziro amene bungwe lina linawachititsa ku Chipata anauzidwa kuti aziyendera limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mawu abwino ndithu, koma galimoto ya ofesi inali itakhala pa njerwa kuyambira pamene boma linati aliyense adzionere yekha.

Nkhani ya a Zakeyo inabwera ndi a Rabecca, mayi wogulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi pa msewu waukulu. Tsiku lina a Perpetua akusankha nthochi, mayiyo anawagwira mkono.

"Imwe a Ena Otero, mukaoneko a Zakeyo kumudzi kwathu. Aja osaona, a ku Mozambiki. Azafela m'khola."

A Zakeyo anabwera kuno nthawi ya nkhondo ndi akazi awo a Rute. Mtendere utabwera anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anatsala, chifukwa anali atakumba kale dimba ndi kumanga nyumba ya malata. Ana analibe. Maso atachita khungu, a Rute nawo n'kumwalira, kunatulukira Jerry, mwana wa mlongo wawo wa a Rute, kuchokera ku Katete. Anabwera ndi mkazi wake Cynthia, akuti kudzasamala mdala.

Komiti inakhala pansi, inamwa tiyi wozizira, n'kugwirizana kuti poti galimoto palibe, aliyense apite akapeza poyendera. Chinthu chimodzi chokha palibe anachitchula, chifukwa onse anayamwa nacho: munthu waulemu safika pakhomo pa eni ake ngati kabawi. Amatsogoza mawu. A Perpetua, amene anayamba kupita, anatuma kondakitala wa minibasi kuti akauze banjalo kuti mawa kubwera alendo a boma.

Anapeza pabwalo posesa bwino. A Zakeyo anali pakhonde, pa mpando wa ndalema, atavala malaya oyera, nkhope ikunyezimira ndi mafuta. Jerry anagwada pambali pawo n'kumaomba m'manja, dzanja likatha kuomba n'kukhala pa bondo la mdalayo mwachikondi chosowa pochiyika.

"Bambo, mudya bwino?" anafunsa a Perpetua mokweza, ngati kuti wosaona samvanso.

A Zakeyo anapendeketsa mutu kumvetsera kuseri kwa nyumba, kumene nkhuku inali kulira mosonyeza kuti zake zada.

"Lelo kuli ndiwo," anatero.

Jerry anaseka, a Perpetua nawo anaseka. Posakhalitsa eni khomo analowetsa mlendoyo m'nyumba, anawasambitsa m'manja, n'kuwaikira mbale patsogolo. Nthutumba inali pamwamba, monga zimayenera kwa mlendo wolemekezeka. Atafunsa ngati mdala sadya nawo, Jerry anaweramitsa mutu.

"Achita manyazi, amai, chifukwa cha maso. Akonda kudyela pa okha."

Nkhukuyo inali yokalamba, yolimba, koma msuzi wake unali wosati masewera. A Perpetua anabwerera ku Nyimba mtima uli m'malo, akunyansidwa ndi anthu a miseche onga a Rabecca.

Anzawo aja anapitanso, wina panjinga, wina pa lole ya thonje, aliyense atatsogoza mawu. Tsiku la msonkhano litafika, a Wilbroad anayamba ndiwo.

"Kulibe mlandu. Banja laulemu maningi. Ananiphela tambala."

"Ine ninawapima," anatero a Ennie. "Magazi ochepako, koma ni ukalamba. Ine ananiphela msoti, wonona bwino."

A Hilary anali atapitako kawiri, poti ulendo woyamba anaiwala kudalitsa nyumba. Kenaka panabuka mkangano wa nkhuku imene inali yaikulu, tambala wa apolisi kapena thadzi lachiwiri la atchalitchi. A Wilbroad anafika potambasula manja kusonyeza kukula kwa ntchafu. A Perpetua anatseka nkhaniyo, nauza onse kuti a Zakeyo ali m'manja abwino.

Potuluka anadzera pa msewu kuti agule nthochi za ana. A Rabecca anali kuseri kwa mulu wa nthochi wofika m'chiuno.

"Zasila," anatero mayiyo, kutanthauza kuti nthochi zatha, osawayang'ana n'komwe.

"Zasila bwanji? Nanga izi?"

"Izi ni za anthu a njala. Imwe munakhuta nkhuku." A Rabecca anathamangitsa ntchentche ndi nsalu. "Nifunseko chabe, amai. Pa nonse anayi, alipo amene anaona a Zakeyo atafuna?"

A Perpetua anakonzeka kuwakalipira. Koma anakumbukira malaya oyera, dzanja lija pa bondo, ndi mutu wopendekeka uja. Mkwiyo umene anakonzera a Rabecca unasowa kopita, unangowabwerera okha.

M'mawa mwake anachita chinthu chimene mayi awo akanawamenyera. Anapita kwa eni ake osatsogoza mawu. Anakwera pa keriyala ya njinga ya a Rabecca, pamalo a dengu la nthochi, ndipo njingayo inadandaula njira yonse.

Pabwalo panali zitosi ndi makoko a chimanga. Pakhonde panalibe mpando. Malaya oyera aja anawaonera patali, akuwerama ndi kuweramuka m'dimba, ali pa msana pa Jerry. A Rabecca anangoloza ndi mlomo kuseri kwa nyumba, ku khola la mbuzi.

Fungo linawalandira asanafike pakhomo. Mkati, pa thumba la feteleza, panakhala a Zakeyo atafunda chibulangeti chong'ambika. Popanda mafuta ndi malaya aja, anali mafupa okhaokha. Pansi pa bulangetilo china chake chinkasuntha.

"Ni ndani?" anafunsa mdalayo. "Ngati ni a komiti, nkhuku zinasila."

Pomwepo mutu wa thadzi lofiira unatulukira pakhosi pa bulangeti n'kuyang'ana alendowo ndi diso limodzi.

"Ndine Perpetua, bambo. Nabwela chabe na a Rabecca."

"Aa, amai oyamba aja." Anabweza mutu wa thadzi mkati. "Musakweze mawu. Iyi ndiye yatsala."

A Perpetua anagwada m'zitosi za mbuzi ndi suti yawo ya chitenje. Anafunsa kuti amadya chiyani.

"Nsima ibwela a Cynthia akakumbukila. Koma nkhuku zanga zinali kuikila muno, pafupi na ine. Nikamva yatetela, nifufuza, niboola dzila, nimwa. Ndiye nili moyo." Anasisita bulangetilo. "Sinidandaula, amai. Mukabwela imwe a komiti nimasamba, nimakhala pa mpando. Koma kusamba kumodzi, nkhuku imodzi. Ninayamba kuopa madzi."

"Nanga bwanji simunakambe?"

"Nikambe kuti chani? Kuti alendo asadye? Pa nyumba yanga?" A Zakeyo anadabwa zenizeni. "Ndiponso Jerry anali kunifinya bondo."

Manyazi anawagwira a Perpetua kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Iwo amene anatumidwa kudzateteza munthuyu ndiwo anali kumudyera moyo, wina tambala, wina msoti, n'kumanyambita zala. Pomwepo kunja kunamveka mapazi othamanga. Jerry anali ataona njinga.

"Amai Daka! Osatuma mawu? Mwatichititsa manyazi!" Anagwada pakhomo pa khola n'kuomba m'manja, uku akuvula malaya oyera aja mothamanga. "Adala angobwela kuona mbuzi, akonda mbuzi maningi. Cynthia! Madzi pamoto! Alendo! Mpeni!"

Analowetsa dzanja m'bulangeti. A Zakeyo anagwiritsa, Jerry anakoka, ndipo thadzi linaona kuti pawiri apa palibe chake. Linathawira pakati pa miyendo ya a Rabecca n'kuyamba liwiro la kudimba.

Anthu a m'mudzimo amakambabe zimene anaona tsiku limenelo. Patsogolo thadzi, pambuyo pake Jerry wopanda malaya, kenaka Cynthia ndi mpeni, ndipo pambuyo pa onse amai a boma, nsapato zili m'manja, akufuula kuti aliyense aime m'dzina la komiti. Anazungulira nkhokwe, anadutsa m'mabedi a repu. Jerry anaterera mu ngalande. Thadzi linakhota mwadzidzidzi kubwerera kwa mwini wake, ndipo a Perpetua, amene anali asanathamangepo chichokereni ku sekondale, anangodzigwetsa ngati thumba la chimanga. Atadzuka anali ndi matope mpaka m'makutu, thadzi lili m'khwapa.

"Zikomo amai, mwatigwilila," anatero Jerry akupuma wefuwefu, natambasula manja.

"Iyi siifa."

"Mukana nkhuku? Kwathu uko ni kutukwana."

"Ninadya kale," anatero a Perpetua. "A Rabecca, kwelani njinga. Mukauze a Mwanza, a Zulu na a Sakala kuti abwele lelo, onse pamodzi, ndipo abwele atadya."

Anakatenga okha mpando wa ndalema m'nyumba, anakhazikapo a Zakeyo pakhonde, iwo n'kukhala pansi thadzi lili pamiyendo. Cynthia anayesa kubweretsa tiyi, anaukana. Dzuwa litapendeka, lole ya thonje inatsitsa a Ena Otero atatu. Aka kanali koyamba kuti komitiyo ifike pamalo amodzi nthawi imodzi, kupatula pa tiyi.

A Perpetua anangowatsogolera ku khola. A Wilbroad anavula chipewa. A Ennie anakweza bulangeti lija, anaona zilonda zimene malaya oyera ankabisa, ndipo anasiya kunena za ukalamba. A Hilary anayamba pemphero, koma linathera panjira, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Atachira manyazi, aliyense anakumbukira ntchito yake. Namwino anatsuka zilonda n'kunena tsiku lodzabweranso. Wapolisi anaitana anthu oyandikana nawo, amene tsopano pakamwa panamasuka, kenaka anauza Jerry kuti avale malaya ake enieni akafotokoze bwino ku Nyimba. Katekisiti anakasonkhanitsa amayi a mphakati, nagawana masiku ophikira mdalayo ndi kumutungira madzi. Sabata isanathe, Cynthia anali atamanga katundu wa ku Katete, ndipo a Zakeyo anagonanso m'nyumba yawo ya malata.

Panatsala nkhani imodzi. A Perpetua analamula kuti aliyense abweze zimene anadya, zamoyo. A Wilbroad anayesa kunena kuti tambala uja sanali wamkulu kwenikweni, koma onse anakumbukira mmene anatambasulira manja. A Hilary anabwera ndi ziwiri, imodzi m'khwapa lililonse.

A Zakeyo anazilandira pakhonde, imodziimodzi, akuzipapasa pachifuwa ndi m'mapiko n'kumanena maganizo awo. Ya apolisi anati ndi yaphokoso chabe. Ya a Perpetua anaigwira nthawi yaitali.

"Iyi ni yabwino. Koma ija munadya imwe inali ya a Rute. Ndiyo yokha inatsala pa zimene analela na manja awo. Inali kugona kumapazi kwanga."

A Perpetua anayang'ana pansi. Akanakonda kuti mdalayo awatukwane.

"Nifunseko, amai. Inakoma?"

Anafuna kunama, koma munthuyu anali atanamizidwa mokwanira.

"Inali yolimba, bambo. Koma inakoma."

"Nthutumba anakupatsani?"

"Ananipatsa."

A Zakeyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene katundu wamutsika pamutu. Anamasula thadzi latsopanolo kuti likadziwane ndi lofiira lija.

"Ndiye chabwino," anatero. "Ninali na nkhawa. Pa nyumba ya a Rute mlendo sanachokepo na njala."

A Perpetua analira pamaso pa komiti yonse, osabisa, matope a tsiku lija akadali osachoka bwino pa suti yawo ya chitenje.