Kawailesi ka M'jekete

Rodgers Mhango, makaniko wa ku Biwi, anali dikoni wabwino ndithu, koma mpira unamulowa m'magazi. Tsiku lomwe mwana wake Temwa anabadwa munthuyu sanagwetse msozi, koma timu yake itagonja ku bwalo la mpira la Civo analira mpaka kukana chakudya. Ndiye mpingo, ngati ukuchita dala, unamupatsa ntchito ya Lamulungu masana, nthawi yeniyeni ya mpira: kukapemphera ndi a Malizani ku Chinsapo.

A Malizani anali mkulu wa mpingo wakalekale. Shuga anawatseka maso, miyendo nayo inakana, moti tchalitchi chawo chonse chinali Rodgers yekhayo. Rodgers ankawakonda agogowa, apo sitinganame. Koma anapeza nzeru. Anagula kawailesi nkukabisa m'thumba la jekete, kachingwe kakudutsa m'kolala mpaka kukhutu. Pakamwa pankapemphera, khutu lili kubwalo.

Zinayenda bwino mpaka Lamulungu lina. Ali mkati mopempherera miyendo ya agogo, timu yake inachinya.

"Eyaaa!" anakuwa Rodgers, chibakera m'mwamba.

A Malizani anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, anafa ndi maso, makutu ayi. Kanthu kakoko ndakhala ndikukamva kakulira ngati udzudzu chiyambire kubwera kuno. Mpira sindidana nawo. Koma ukamandipempherera ndimakhala ndekha, ndipo ndikuganiza kuti Ambuye nawo amakhala akukudikira."

Manyazi anamugwira Rodgers, njira yonse yobwerera sanadzutse mutu.

Sabata yotsatira kunali fainolo. Abdullah, telala woyandikana ndi galaja yake, anamubweretsera tikiti yaulere. Rodgers anaitembenuza uku ndi uku, anainunkhiza, nkuibweza. Lamulungu atabwera kunyumba kuchokera kutchalitchi anatulutsa kawailesi kaja nkukaika patebulo.

"Bambo a Temwa, mwadwala kodi?" anafunsa mkazi wake Dinah, akubisa kuseka.

"Mundisungire. Ngakhale ndichite kukugwadirani, musandipatse."

Ulendo wa tsiku limenelo unali wowawa. Pa golosale iliyonse anthu anali ataunjikana pa wailesi. Penapake kunabuka chimkuwe, miyendo ya Rodgers inaima yokha. Anangotsala pang'ono kufunsa, koma anadziluma mlomo nkupitirira.

Anawapeza a Malizani atagona pamphasa, atafooka kuposa kale. Anavula jekete, anakhala pansi nkuwagwira dzanja. Anawawerengera salimo, anayimba nawo nyimbo ziwiri, iwo akutsatira ndi mawu onjenjemera. Kenako anapemphera. Kwa nthawi yoyamba anamva kupuma kwa agogowo, kolemera, kodukaduka, ndipo anazindikira kuti Malamulungu awo atsala ochepa. Misozi inatsika, ija inakana kutuluka pa kubadwa kwa Temwa.

Atanena ameni, a Malizani anatembenukira kwa iye.

"Nanga wapambana ndani?"

"Sindikudziwa, agogo."

Nkhalambayo inafufuza ndi zala mpaka inapeza khutu la Rodgers, lopanda kachingwe. Inalikoka pang'ono monga amachitira ndi mwana.

"Lero ndiye wabwera, mwana wanga."