Nsalu Ilibe Msana

Kimono ya ukwati, mkanjo wa silika wachikhalidwe cha ku Japan, inali itayalidwa pamphasa, yathyathyathya ngati chitseko, kakowa woyera wopetedwa ndi ulusi atatambasula mapiko pakati pa msana wake. Anaivalapo agogo ake a Natsue, anaivalapo azakhali ake, a Tokiko, kenako malemu amayi a Natsue. Tsopano inali nthawi ya Natsue, ndipo a Tokiko anabwera kudzamuyesa atanyamula mtolo wa mathaulo.

Kimono sitsatira thupi la munthu. Amaisoka kuchokera ku zidutswa zowongoka za ngodya zinayi, ndiye thupi ndi limene liyenera kugonja. Mkazi aliyense amamukulunga thaulo m'chiuno ndi pachifuwa kufikira atafanana ndi nsungwi. Koma Natsue anabadwa ndi msana wopindika, phewa lakumanja linatukuka n'kupanga linunda, choncho a Tokiko anayamba kuunjika mathaulo kumanzere kuti mbali ziwirizo zilingane. Anamanga, nakoka zingwe, nawonjezera lina.

"Puma pang'onopang'ono, mwana iwe. Ukwati si mpikisano wothamanga."

Atamaliza anamutembenuzira kugalasi. Mugalasimo munali mkazi wonenepa, wowongoka, wopanda khosi. Natsue anamuyang'ana mkaziyo ndipo sanamudziwe.

"Waona?" anatero a Tokiko mokhutira. "Akuchimuna sadzaona kanthu."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa zingwe zija. Norio, mwamuna amene ankamukwatirayo, msanawo ankaudziwa bwino, ndiye ankausisita ukamawawa nyengo yozizira. Nanga ankabisira ndani? Natsue anamasula lamba, navula kimono ija, mathaulo n'kugwera pansi limodzilimodzi.

"Sindivala mapilo pa ukwati wanga, azakhali."

"Ndiye uvala chiyani? Thumba la mpunga?"

"Yomweyi. Koma ndiidula."

A Tokiko anakhala pansi mwadzidzidzi.

Natsue ankagwira ntchito yodula majekete kufakitale, ndipo lilime lake linali lakuthwa ngati sizasi yake. Anatola nachesi m'mbale, natenga pepala, nalikulunga pa nachesiyo. Pepala linakwinyika mbali zonse.

"Pepala lili ndi m'litali ndi m'lifupi basi. Nachesi ilinso ndi mimba." Anadula kachidutswa ka ngodya zitatu m'mphepete mwa pepala, nalumikiza milomo ya pomwe anadulapo. Pepala linatukuka ngati kachipewa, n'kukhala bwinobwino pamutu pa nachesi. "Mukachotsapo pang'ono, chathyathyathya chimadzuka. Ine ndine nachesi, azakhali, si chitseko."

"Ukundiphunzitsa ine?" A Tokiko anaseka mowawa. "Ndinayamba kugwira singano bambo ako akadali kukodza pamphasa. Zimenezo ndimazidziwa. Tsopano tambasula kachipewa kakoko, ubweze pepala langa momwe linalili."

Natsue anatambasula. Pepala linagona pansi lili ndi mpata, ngati mano a nkhalamba.

"Ndi zimenezotu. Kimono iyi ndaisomolapo ulusi ndi manja angawa. Zidutswa zake ukazilumikiza zimabwerera kukhala nsalu imodzi yaitali, monga inachokera kwa woomba. Umaichapa, n'kuisokanso pa msinkhu wa mkazi wina. N'chifukwa chake yafika kwa iwe. Ukaidula mokhota yathera pa iwe. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, Natsue."

Apa mayiwo sananame, ndipo Natsue anadziwa. Anayang'ana silika uja, anakumbukira chithunzi cha amayi ake ataimirira mwamanyazi m'kati mwake, mtima n'kumuwawa. Koma chimene chinamuwawa kwambiri chinali china. Chibadwire, m'nyumba imeneyi msana wake sunatchulidwepo. Ankamugulira malaya akuluakulu, pojambulitsa ankamuimika kumbuyo kwa abale ake, ndipo zonsezo ankazitcha chikondi.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero Natsue. "Msanawu ndimausenza ndine."

"Nanga mwana wamkazi amene udzabereke? Adzavala chiyani? Udzamuuza kuti amayi ako anadyeratu zonse?"

"Nanga akadzabadwa ndi msana ngati wangawu? Ndidzamuuze kuti akatenge mathaulo?"

Panja wogulitsa mbatata zootcha ankadutsa akuimba nyimbo yake, ndipo onse awiri anamumvetsera mpaka anakhota.

Natsue anagwada, natembenuza kimono m'kati kukhala kunja, nasomola ulusi wa pamsana. Anajambula ndi choko mizere iwiri yokumana pansonga, cha kuphewa lakumanja. Kenako anatenga sizasi. Anadikira kuti azakhali amugwire dzanja, koma sanamugwire. Sizasi inalowa mu silika mosavuta, mopanda ngakhale phokoso, ndipo kachidutswa kanagwera pamphasa kali ndi nsonga ya phiko la kakowa.

Zinatheka basi. Panalibenso kubwerera.

A Tokiko anatola kachidutswako, nakayang'ana nthawi yaitali, nakalowetsa m'manja mwa malaya awo. Maso awo anali ofiira. Natsue anatenganso choko n'kuyamba kujambula mzere wina, mutu uli chowerama, atakonzeka kumva chilichonse.

"Ukulakwitsa," anatero mayiwo.

"Ndanena kale, azakhali, sindi..."

"Ndati mzerewo ukulakwitsa. Ukungoganizira. Unayamba wauona msana wako iwe? Uli ndi maso kunkhongo?" Anamulanda choko. "Imirira. Vula kamalayako. Ngati tikuwononga nsalu ya amayi anga, tisaiwononge mwaumbuli."

Natsue anaimirira, natembenukira kukhoma. Anamva silika wozizira akugwera pamapewa pake, kenako chikhatho cha azakhali, chouma ndi chofunda, chikufika pa linunda lija. Chinaima pamenepo kaye. Kenako chinayamba kuyenda pang'onopang'ono, kukwera, kuzungulira, kutsika, kufufuza pamene phewa layambira kutukuka ndi pamene lathera. Mayi ameneyu anamulera, anamusambitsa ali mwana, koma malo amenewo ankawalambalala nthawi zonse.

"Usaganize kuti ndakukhululukira," anatero a Tokiko, mapini ali pakamwa.

"Sindinapemphe."

"Ndiye leka kugwedezeka. Apa pafunika kudula kawiri, n'pakuya kuposa momwe ndimaganizira."