Osamangitsa Mabawuti

Tsiku langa loyamba pantchito, kapitawo anandilanda sipanala m'manja. Tinali padenga la sukulu ina tikuika mapanelo a sola, ine ndikulimbitsa bawuti ndi mphamvu zanga zonse monga anatiphunzitsira kukoleji.

"Iwe, ukufuna kutipha?" anatero kapitawoyo. "Osamangitsa. Kungogwiriziza basi, kuti mphepo isaulutse."

Ndinayesa nthabwala. Patapita masiku atatu ndinamvetsa. Nduna inabwera, inadula riboni, mababu anayaka m'kalasi, ana anakuwa, atolankhani anajambula. M'mawa mwake lole yathu inaima kuseri kwa zimbudzi, ndipo tinamasula zonse. Mabawuti ankachoka ndi zala zokha.

Mapanelo anali khumi ndi awiri, mabatire asanu ndi atatu, ndi bokosi limodzi lotembenuza magetsi. Omwewo basi. Ena mazanamazana, mphatso yochokera kunja, akuti anali kudoko chaka chachiwiri tsopano. A msonkho akufuna zawo, a unduna akuti mphatso silipira msonkho, ndipo akuluakulu ena omwe ali ndi malole onyamula dizilo sankaona chifukwa chothamangira. Koma chisankho chinali pafupi, ndiye mapanelo athu ankayenda dziko lonse: lero pasukulu, sabata yamawa pamsika, kenako pachipatala. Limodzi linali ndi mng'alu pakona ngati phazi la nkhuku. Ndinaliona m'nyuzipepala kasanu ndi kawiri. Tinalipatsa dzina loti Anduna, poti silinkaphonya mwambo.

Sindinama, ndinkaseka nawo. Zoziziritsa kukhosi za pamwambo ndinkamwa nawo. Ntchito ndi yosowa, ndipo ine si woyera mtima.

Kenako pandandanda panatuluka chipatala chaching'ono cha kwathu, komwe mlongo wanga wamkulu ndi namwino. M'chipinda chosungira mankhwala muli filiji imodzi, ndipo m'filijimo, pambali pa katemera wa ana, mumakhala timabotolo ta amayi. Amayi ali ndi matenda a shuga, amabayidwa jakisoni kawiri patsiku, ndipo mankhwalawo akatentha amasanduka madzi wamba. Filijiyo inkayendera jenereta yakalekale. Mwezi uliwonse ofesi yaikulu inkatumiza zigubu ziwiri za dizilo, ndipo achemwali ankazisamala ngati mafuta a m'maso, kuyatsa pang'ono, kuzimitsa, osatsekula chitseko chisawawa.

Tsiku lomwe tinkaika mapanelo, amayi anabwera ndi ambulera yawo n'kukhala pabenchi la odwala. Aliyense wodutsa ankamukoka dzanja.

"Mwamuona ali pamwambayo? Ndi mwana wanga ameneyo."

Titalumikiza mawaya, filiji inayamba kulira yokha, jenereta ili zii. Achemwali anaika dzanja pachitseko chake.

"Ndiye kuti ndasiya kudontheza dizilo?" anandifunsa.

"Eya, achemwali," ndinatero, maso ali kusipanala.

Tsiku la mwambo, kapitawo atapita kukatenga matenti ndi mipando, ndinathamangira kumsika kwa mnzanga wowotcherera mafelemu a zitseko. Ndinabwereka makina ake okhala ndi injini yakeyake. Mabawuti anali makumi anayi ndi asanu ndi atatu, ndipo lililonse ndinaliwotcherera kuchitsulo cha denga mpaka mutu wake kusungunuka. Ntchito yokongola ngati imeneyo sindinagwirepo chibadwire. Potsika ndinkadzimva munthu.

Nduna inadula riboni. Inati utsi wa dizilo tatsazikana nawo mpaka kalekale. Amayi anaomba m'manja mpaka ambulera kugwa.

M'mawa mwake kapitawo anakwera ndi sipanala. Anayesa bawuti loyamba, lachiwiri, kenako anawerama n'kuyang'anitsitsa. Ndinkadikira kuti akalipe. Ayi ndithu, anangoseka.

"Waganiza wekha zimenezi?"

"Ndekha, bwana. M'filijimo muli mankhwala a mayi anga."

"Aliyense ali ndi mayi ake, mphwanga."

Anaimba foni, anamvetsera, anagwedeza mutu. Kudula zitsulozo kukanaswa magalasi ndi kung'amba malata, ndipo mwambo wina unali Lachisanu.

"Asiyeni pomwepo," anauza anzanga. "Tulutsani mabatire ndi bokosi. Mapanelo tikabwereka kwa wamalonda, pachithunzi amaoneka chimodzimodzi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, vula ovolosi yathuyo."

Anazula mawaya achemwali akuyang'ana. Popanda mabatire ndi bokosi, mapanelo ndi magalasi chabe. Achemwali anapita kuseri, anakoka chingwe cha jenereta kanayi, n'kubwerera kwa odwala. Ine ndinkadzitonthoza kuti theka ndapulumutsa, mabatire adzabwera tsiku lina. Uchitsiru wake!

Mwezi unatha, dizilo osabwera. Achemwali anakwera basi kupita ku ofesi yaikulu. Kalaliki anawatambasulira nyuzipepala patebulo, chithunzi cha nduna chili apo, Anduna athu a mng'alu aja akunyezimira kumbuyo.

"Inu muli pa sola tsopano," anatero. "Dizilo wanu tinamuchotsa m'dongosolo. Lipoti linapita kale kwa otithandiza akunja, asangalala kwambiri."

Achemwali anachonderera kuti wina abwere adzaone yekha. Anabweradi woyendera zipatala, pagalimoto yoyera. Sanatsike. Anatsitsa windo, anayang'ana padenga, anawerenga mapanelo ndi cholembera, khumi ndi awiri, n'kuchonga papepala. Achemwali ankamuitanira mkati kuti aone mawaya akulendewera pakhoma, iye n'kumati ali ndi zipatala zina zinayi dzuwa lisanapendeke.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Chipatala cha kutsidya kwa mtsinje nachonso tinachinamiza, miyezi itatu m'mbuyomo. Kumeneko tinamasula zonse, denga linatsala mbee. Woyendera yemweyo atayang'ana, analibe choti achonge, ndipo dizilo wawo anabwezeretsedwa mwakachetechete, kuopa manyazi. Filiji yawo ikulira mpaka pano.

Yathu inazima pakati pa mwezi wotentha. Katemera anatayidwa. Timabotolo ta amayi achemwali anatikulunga m'nsalu yonyowa n'kutiika mumphika wadothi, koma kutentha kwake kunalibe chisoni. Amayi ankabayidwa monga mwa nthawi zonse, shuga osatsika. Anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, maso kuchita chifunga, ndipo kachilonda ka pachala chakuphazi kanakana kupola. Sabata yachitatu anagonekedwa pabedi loyandikira windo.

Ndinapita kukawaona masana, ndili ndi nthochi m'thumba. Achemwali anandipeza pakhonde. Anali ataonda, yunifolomu ikuchita kulendewera. M'manja anali ndi sowo yodulira zitsulo.

"Woyendera abweranso Lolemba," anatero. "Akapeza denga lopanda kanthu, dizilo abwera. Kwera ukachotse zinthu zakozo."

"Achemwali, ndinawotcherera."

"Ndikudziwa zimene unachita. Kwera."

Ndinakwera. Malata ankaotcha mawondo kudutsa thalauza. Mapanelo onse khumi ndi awiri ankamwa dzuwa la masana, kumwa kopanda kopita nako. Ndinagwada pa bawuti loyamba n'kuyamba kucheka. Chitsulo chowotcherera n'cholimba kuposa china chilichonse padengapo, ndipo ine ndinali nditawotcherera bwino. Mano a sowo anayamba kuthothoka ndisanafike n'pakati pomwe. Mabawuti otsala anali makumi anayi ndi asanu ndi awiri, ndipo linali Loweruka.

Ndinaima kuti ndipukute thukuta. Pansi panga, pawindo lotsekula, ndinamva mawu a amayi, ofooka koma onyadira, akuuza mayi wa pabedi loyandikana ndi lawo.

"Mukumva phokosolo? Ndi mwana wanga ameneyo. Wabwera kudzatikonzera magetsi."