Lupanga Limene Linalira

Mmisiri wina wa matabwa anasema malupanga khumi ndi awiri a filimu ya Aroma, nawapaka penti wasiliva. Anali opepuka, ukamenya nawo chishango amangoti phu. Ntchitoyo sankaikonda. Ankati munthu wolira misozi ya anyezi pamaso pa kamera usamukhulupirire ngakhale pa moni.

Koma mwana wake wachisamba, bambo wa ana awiri, anali m'filimumo ngati kapolo woti aphedwe atagwada pamaso pa mfumu. Poyeserera, lupanga lathabwa linkamugwera ndithu pakhosi.

"Bambo, lero ndifa katatu," anatero mwanayo m'mawa. "Mundikhomeretu bokosi, lisakhale la makatoni."

"Usamasewere ndi imfa, iwe. Ili ndi makutu."

Anayamba kujambula dzuwa lili paliwombo, m'bwalo lamchenga lozingidwa ndi zipilala zabodza. Wotsogolera filimu ankafuna kuti nyimbo izilira pojambula, osewera agwidwe chisoni chenicheni. Ng'oma yaikulu inayamba kugunda pang'onopang'ono ngati mtima wa wodwala, mawu a mkazi akubuma pamwamba pake. Wosewera ngati msilikali, chimunthu chokonda kudzionetsa, analowa namenya lupanga pachishango.

Linalira kuti ngwee.

Mmisiri anatchera khutu. Thabwa sililira chotero. Pamalopo panali lupanga limodzi lachitsulo, lakuthwa, longoonetsa pafupi ndi kamera, ndipo atayang'ana pathebulo la zida sanalione. Anakoka malaya a wosunga zida, koma iye anangoti madala akhale chete, anthu akujambula. Anakuwa, ng'oma inameza mawu ake. Mwana wake anali atagwada kale, khosi lili poyera, akulira mwaluso moti mayi wophoda osewera ankapukuta m'maso.

Mfumu inatukula dzanja. Msilikali anakweza lupanga.

Mawondo a mmisiri anali atatha kalekale, koma anathamanga. Anagwera mwana wake pamsana, chitsulo chinamutsikira pamkono, magazi n'kudontha pamchenga. Nyimbo inaduka.

Msilikali uja ankabwerezabwereza kuti lathabwa limaoneka labodza, n'chifukwa chake analisintha, ndipo akanaima lisanafike. Wotsogolera anaitanitsa nsalu yomangira bala, kenako anafunsa monong'ona ngati angabwereze masana.

Mmisiri anagwira mwana wake padzanja ndi mkono wabwinowo.

"Bambo, ndivule kaye zovala za eni ake."

"Uvulira kunyumba."

Sanamusiye mpaka atatuluka pageti.