Theka la Peyala

Lestina ankameza piritsi lake la vitamini D mbandakucha ndi tiyi wopanda mkaka, m'mimba mulibe kanthu, kenako n'kubereka dengu kupita kukathyola tiyi. Kwa miyezi itatu sanaphonye tsiku, koma mafupa a m'chiuno ankangowawabe, ndipo chitunda cha ku esiteti ankachikwera mopumira.

Atabwerera kuchipatala, adokotala anamufunsa chimene amadya pomwa mankhwalawo. Anayankha kuti sadya mpaka ataweruka. Zamafuta anasiya kalekale, chifukwa akangolawa ankatsegula m'mimba, ndipo a Fraser, kapitawo wake, sankasekerera munthu wochokachoka pamzere. Ofuna ntchito anali mbwee pageti.

Adokotala anagwira mutu. Anafotokoza kuti ndulu yake imatsikira m'matumbo pang'ono chabe, pomwe vitamini D, wolimbitsa mafupa ndi matumbo omwe, salowa m'thupi popanda ndulu ndi timafuta. Mapiritsi onse aja ankangodutsa ngati alendo.

"Nanga dzuwa limandiwotcha tsiku lonse lija? Paja munati ndilo limapanga vitaminiyo," anatero Lestina.

"Likupezani pati, mayi? Duku, chipewa, malaya a manja aatali, pulasitiki mpaka kumapazi. Muzidya theka la peyala musanameze piritsi, muli timafuta tofunikato. M'mimba muvuta milungu ingapo, mupirire."

Zinamupweteka mtima kwambiri. Zaka khumi ndi zinayi akupsa padzuwa, dzuwalo n'kumumana, ndiye njala yomwe ankasungira ntchito ija n'kukhalanso yomudya mafupa. Panjira anayerekeza kupitiriza zakalezo, koma anakumbukira kuti masiku ano podzuka pamphasa amachita kugwira khoma.

Lolemba anadya peyala. Anachoka pamzere kawiri, a Fraser akungoyang'ana wotchi. Lachinayi anachoka kanayi, ndipo pobwera kachinayiko anapeza dengu lake lili kumsana kwa Doris, mnansi wake amene anadikira pageti sabata yathunthu. Doris anazolika ngati akufunafuna nsonga za tiyi.

"Kachireni kaye, mayi," anatero a Fraser. "Tidzakuitanani."

Adokotala sananame. M'mimba munakhazikika, ndipo pofika mvula yotsatira chiuno chinali chitasiya kuwawa. Tsopano Lestina amayenda kuchokera kwawo kwa Khwethemule mpaka pageti osapuma ngakhale kamodzi, ndipo amafika woyamba. A Fraser amaitana maina, lake osamveka, amapinda pepala lawo, geti n'kutsekedwa.

Lestina amabwerera kwawo wapansi, miyendo ili gwa.